Funsani Akatswiri: Kodi Makina a XRD Amafuna Sampulo Yochuluka Bwanji?

Makalata a mwezi uno akuzungulira pa funso limodzi. Anthu amva zoti kuli makina otchedwa XRD (X-ray diffraction) amene amawalitsa X-ray pa mwala, dothi kapena mankhwala n'kunena kuti chinthucho n'chiyani, ndiye aliyense akufuna kudziwa kuti atumize chochuluka bwanji. Wina ali ndi thumba lathunthu, wina ali ndi kafumbi kongokwana pa chikhadabo.

X-ray ya kuchipatala, monga ya ku Kamuzu Central, imajambula mthunzi wa mafupa. Ya XRD sijambula mthunzi. M'kati mwa crystal maatomu amandandalikana m'mizere yotalikirana mofanana, ngati mizere ya m'munda yolimidwa ndi chingwe, ndipo X-ray ikagwera pa mizereyo imabwerera mwamphamvu pa ngodya zina zokha. Max von Laue ndi anzake anaona zimenezi koyamba ku Munich mu 1912, ndipo pofika 1913 Lawrence Bragg ndi bambo ake anali akuyeza kale kutalikirana kwa mizereyo ndi lamulo lakuti nλ = 2d sin θ, momwe d ndi kutalikirana kwa mizereyo, θ ndi ngodya imene X-ray yagwera, λ ndi kutalika kwa funde la X-ray, ndipo n ndi nambala yathunthu monga 1 kapena 2. Makina amatulutsa gilafu ya nsonga, ndipo chinthu chilichonse chili ndi nsonga zakezake ngati chidindo cha chala. Madigiri onse amene titchule pansipa ndi a 2θ, kutanthauza ngodya ija kuchulukitsa kawiri, pa makina amene chubu chake chotulutsa X-ray ndi cha kopa, omwe ndi ofala kwambiri.

Bambo wa ku Malingunde akufunsa: "M'munda mwanga muli mwala wakuda wonyezimira, wofewa, ukaugwira umadetsa manja ngati pensulo. Anzanga akuti ndi graphite. Ndikufuna ukayezedwe, koma otumiza katundu amalipiritsa potengera kulemera. Kodi kachidutswa kamodzi n'kokwanira?"

Bambo, makinawo paokha amadya pang'ono zedi. Kambale kothiramo ufa kamakhala kozungulira, m'mimba mwake pafupifupi mamilimita 25, kuya kwake milimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kamadzaza ndi theka la galamu mpaka magalamu awiri. Pa ufa umenewonso X-ray imangolawa wapamwamba. Mu quartz, mwala wolimba umene umachuluka mu mchenga, imalowa gawo limodzi, awiri kapena atatu mwa magawo khumi a milimita. Ufa wapansi ntchito yake n'kuchirikiza wapamwamba basi.

Nkhawa yanu isakhale pa makina. Ikhale pakuti galamu imodziyo iyankhule m'malo mwa munda wonse. Wogula fodya ku Kanengo sakhulupirira tsamba la pamwamba pa belo, amapisa dzanja m'kati. Mukasankha kachidutswa konyezimira kwambiri, zotsatira zidzanena zoona za kachidutswako koma zidzakunamizani za mundawo.

Tolani m'malo khumi kapena kuposa, osasankha ndi maso, mpaka mukwanitse kilo imodzi kapena makilo awiri. Ngati mwakumba dzenje, palani kamzere m'khoma lake kuchokera pamwamba mpaka pansi n'kutenga zonse zimene zagwa, zokongola ndi zosakongola zomwe. Yanikani pamthunzi. Swanyani mpaka pasakhale chidutswa choposa njere ya mawere, kutanthauza mamilimita awiri. Unjikani pa pulasitiki woyera, sakanizani, phwathalitsani muluwo, muudule panayi ngati mtanda, mutenge mbali ziwiri zoyang'anizana, zinazo muike padera. Bwerezani mpaka patsale magalamu 100 mpaka 200. Amenewo ndiwo mutumize. Zotsalazo sungani m'thumba lolembedwa malo, kuya ndi tsiku, chifukwa nthawi zina pamafunika kuyezanso. Kupera komaliza asiyireni a labotale.

Pa graphite pali msampha. Nsonga yake yaikulu ili pa madigiri 26.5, ndipo ya quartz ili pa 26.6, ndiye zimakwerana, pamene miyala ya kwanuko ili ndi quartz wambiri. Wowerenga gilafu mothamanga akhoza kutcha quartz kuti graphite. Wodziwa ntchito amayang'ana nsonga zina za quartz, pa 20.9 ndi pa 50.1, n'kuwerengera kuti pa nsonga ya 26.6 ija gawo la quartz ndi liti. Chinanso, graphite ndi wamambamamba ngati nsomba, ndipo akamutsendera m'kambale mambawo amagona chafufumimba onse, nsonga yake n'kukwera mopitirira kuchuluka kwake kwenikweni. Choncho ngati mukufuna kudziwa maperesenti a graphite, pemphani kuti ayeze carbon. Amatenga ufa wosakwana galamu, kuchotsa carbon wa m'laimu ndi asidi komanso wa zomera, kenako kuwotcha m'ng'anjo n'kuyeza mpweya wotuluka. XRD ikuuzani zimene zasakanikirana ndi graphiteyo.

Pemphaninso kuti ayang'ane pa 27.4, pomwe pamaonekera rutile, mwala wokhala ndi chitsulo cha titanium. Ku Kasiya, m'boma lomweli la Lilongwe, rutile amapezeka pamodzi ndi graphite, koma amangokhala pafupifupi gawo limodzi pa 100 a dothi. Pamenepo ndi pamalire a zimene makina wamba amatha kuona, ndiye amayamba atsuka dothilo kuti patsale mchenga wolemera, n'kuyeza umenewo.

Ngati sampulo ikutuluka m'dziko muno, yambani mwapita ku maofesi a boma oona za migodi kuno ku Lilongwe kukafunsa za chilolezo. A Geological Survey, omwe likulu lawo lili ku Zomba, ndiwonso oyenera kuwaonetsa mwalawo musanawononge ndalama.

Wogulitsa laimu wa ulimi, Kanengo: "Tinatumiza sampulo ziwiri zochokera m'thumba limodzi, iliyonse magalamu 50. Tinapera ndi kusefa tokha. Ina yabwera ndi dolomite wambiri, ina wochepa. Tiwonjezere kulemera?"

Achimwene, ngakhale mutatumiza thumba lonse, m'kambale mudzalowabe galamu imodzi. Chimene chikuchepa si kulemera, ndi chiwerengero cha tinjere.

Njira yoyeza ufa, imene Peter Debye ndi Paul Scherrer anayamba mu 1916, imadalira kuti tinjere tikhale tambirimbiri ndipo kalikonse kaloze kwakekwake. Pa ngodya iliyonse, tinjere timene tagona moyenera kubweza X-ray kupita ku detector timakhala tochepa kwambiri pa gulu lonse. Tiyeni tiwerengere ndi quartz. Micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Miligalamu imodzi ya tinjere ta ma micron 40 imakhala ndi tinjere pafupifupi 11,000. Mukapera kufika ma micron 10, miligalamu yomweyo ikhala ndi tinjere toposa 700,000. Pa ma micron 5 tiposa mamiliyoni asanu. Ofufuza Klug ndi Alexander anayeza ufa wa quartz mobwerezabwereza ndipo anapeza kuti wa ma micron 15 mpaka 50 nsonga yake inkasinthasintha ndi maperesenti pafupifupi 18, pamene wosakwana ma micron 5 unkasintha ndi peresenti imodzi ndi pang'ono. Micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Sefa ya 200 mesh imadutsitsa ma micron 75, ya 325 mesh ma micron 45, ndiye ufa wodutsa masefa amenewa ukadali mgaiwa kwa makina. Amafuna wosakwana ma micron 10.

Calcite ndi dolomite, mitundu iwiri ya mwala wa laimu, amawonjeza vuto lina. Akasweka amasiya nkhope zosalala, ndipo nkhope zimenezo ndi zomwe zimapereka nsonga zawo zazikulu, calcite pa 29.4, dolomite pafupi ndi 31. Kanjere kamodzi kakakulu ka dolomite kakagona bwino pamwamba pa kambale, nsonga ya 31 imathamangira m'mwamba ngati theka la thumba ndi dolomite. Tikukayikira kuti n'zimene zachitika pa sampulo yanu imodzi.

Kusefa kwanu kujanso tikufunseni: zotsalira pa sefa munazitani? Ngati munataya, munasintha sampulo, chifukwa zofewa zimadutsa msanga ndipo zolimba monga quartz zimatsalira. Zotsalira zimaperedwanso mpaka zonse zidutse.

Popera, tengani theka la galamu nthawi imodzi m'kamtondo ka agate, muthire madontho a ethanol kapena acetone wa m'labotale, osati sipiriti wa m'sitolo uja wothira utoto. Perani mozungulira mphindi zisanu mpaka khumi. Ukauma, utikiteni pakati pa zala: uzimveka ngati paudala wa mwana, osati ngati muli mchenga. Osapitirizanso muyeso. Kupera kouma kwa nthawi yaitali kumawononga ma crystal, nsonga zimafutukuka ndi kutsika, gypsum amataya madzi ake, ndipo dongo ndilo limavulala msanga.

Kwa a labotale pemphani zinthu zitatu. Athire ufa kuchokera kumbuyo kapena m'mbali mwa kambale m'malo moutsendera ndi galasi pamwamba, kambale kazizungulira poyeza, ndipo aikemo ufa wa silicon pang'ono, umene nsonga yake imadziwika kuti ili pa 28.44. Ufa ukakwera kapena kutsika ndi 0.1 milimita yokha pamwamba pa kambale, nsonga zonse zimasuntha ndi madigiri pafupifupi 0.05. Pa laimu zimenezi n'zofunika, popeza calcite wokhala ndi magnesium nayenso nsonga yake imasunthira m'mwamba, ndiye popanda silicon simungadziwe ngati chasuntha ndi mwala kapena kambale.

Wophunzira chemistry chaka chomaliza, Area 18: "Ndapanga titanium dioxide, koma nditatsuka ndi kuumitsa ndatsala ndi mamiligalamu 8 okha. A labotale alemba pa fomu kuti amafuna galamu imodzi. Ndiyambirenso?"

Achemwali, musayambirenso msanga. Galamu imene alembayo ndi ya kambale wamba. Afunseni ngati ali ndi zero background holder. Kameneka ndi kagome ka silicon kodulidwa mopendama mwadala kuti kokha kasatulutse nsonga iliyonse. Amaikapo mamiligalamu awiri mpaka asanu, kudonthezapo ethanol, kumwaza ndi singano kuti pakhale kabwalo ka mamilimita 10, n'kudikira kuti paume. Eyiti wanuyo akukwana, n'kutsalako.

Kagalasi ka maikulosikopu n'kotsika mtengo, koma galasi limatulutsa chitunda chachikulu pakati pa madigiri 15 ndi 35, pomwe pali nsonga zimene inu mukuzifuna: anatase pa 25.3, rutile pa 27.4, yomwe ndi mitundu iwiri ya titanium dioxide. Tepi ndi Vaseline nazonso zimawonjeza zitunda zawo. Njira ina ndi kachubu kagalasi kopyapyala, ka 0.3 mpaka milimita imodzi m'mimba mwake, kamene kamadzaza ndi mamiligalamu ochepa ndipo kamazungulira poyeza. Kwa mankhwala opepuka monga paracetamol kachubu ndiye njira yabwino, koma titanium imameza kwambiri X-ray ya kopa, ndiye kwa inu kagome ka silicon ndi kabwino kuposa kachubu.

Woyendetsa makina achepetse slit, kampata kamene X-ray imadutsira popita pa sampulo. Pa makina amene mkono wake ndi mamilimita 240, slit ya digiri imodzi imawalitsa malo otalika mamilimita pafupifupi 48 pa madigiri 10, ndi 24 pa madigiri 20. Kabwalo kanu ka mamilimita 10 kangolandira pang'ono, kuwala kwina kugwera m'mbali n'kudetsa gilafu. Slit ya kota ya digiri imatsitsa manambala amenewa kanayi. Malipiro ake ndi nthawi. Kuti phokoso la pa gilafu lichepe ndi theka, nthawi yoyeza ichuluke kanayi, ndiye ntchito ya mphindi khumi isanduka ya maola angapo kapena usiku wonse.

Malo a nsonga adzatuluka molondola, koma kutalika kwake musakudalire kwambiri, makamaka pa ngodya zazikulu pomwe X-ray imapyola kaufa kopyapyalako. Mudzadziwa kuti muli anatase kapena rutile, koma maperesenti ake adzakhala ongoyerekeza.

Nsonga zikatuluka zotambalala musadandaule, ndi mmene ma crystal aang'ono kwambiri amaonekera. Ndi masamu a Scherrer a 1918, nsonga ya 25.3 ikatambalala ndi madigiri 0.8 pakati pake, mutachotsako kutambalala kwa makina eni ake, ndiye kuti ma crystal anu ndi a ma nanometre pafupifupi 10 (nanometre ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a micron). Akaposa 100 kapena 200 masamuwo sagwiranso. Akachepera awiri kapena atatu pamangotsala chitunda. Ndipo ngati simunawotche ufawo, mwina simudzaona nsonga ngakhale mutatumiza kilo, popeza maatomu sanandandalikane. Pa madigiri a kutentha 400 mpaka 500 ndi pomwe anatase amaoneka bwino, ndipo mukapitirira 600 kapena 700 amayamba kusanduka rutile.

Nyamulirani m'kabotolo kagalasi. M'kathumba ka pulasitiki, makamaka m'miyezi youma ino, ufa umamatirira m'makoma n'kutha musanafike. XRD siwononga sampulo, ndiye iyambe ndi imeneyo, mupale ufa wanu pa kagome, kenako muugwiritse ntchito pa mayeso ena owononga.

Wofufuza za mankhwala a zomera, Bunda: "Kuchokera m'masamba a ombwe ndapatula ufa woyera wonyezimira, mamiligalamu 30. Ndikufuna kudziwa kamangidwe ka molecule yake. Kodi ndi wokwanira single crystal XRD?"

Bambo, kulemera kwakwana. Chimene sitikudziwa kuchokera m'kalata yanu n'chakuti m'menemo muli crystal imodzi yabwino kapena ayi, chifukwa kuno zinthu zatembenuka. Poyeza ufa timafuna tinjere mamiliyoni. Pano tikufuna kamodzi kokha, kopanda mng'alu, kosamatirana ndi kanzake.

Pa makina wamba a m'labotale crystal yabwino ndi ya 0.1 mpaka 0.3 milimita mbali iliyonse. Njere ya mchere wa patebulo ili kale kumalire a pamwamba, tsitsi lili kumalire a pansi. Crystal ya 0.2 milimita mbali zonse imalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a miligalamu. Yaikulu kwambiri si yabwino, imatuluka kunja kwa mtanda wa X-ray ndi kumeza kuwala mosiyanasiyana, ndiye amaidula ndi lumo. Ikachepa mphamvu imagwa msanga: mukachepetsa mbali zonse zitatu ndi theka, yatsika kasanu ndi katatu. N'chifukwa chake tisingano totalika theka la milimita koma topyapyala 0.01 timanamiza maso. Mbali yopyapyalayo ndiyo imalamula.

Makina atsopano a microfocus amatha kugwira ntchito ndi 0.02 mpaka 0.05 milimita. Ma synchrotron, makina aakulu otulutsa X-ray yamphamvu kwambiri, monga ESRF ku Grenoble ndi Diamond ku England, amatsika mpaka ma micron ochepa, koma mu Africa muno mulibe ngakhale imodzi, ndipo nthawi yoyezera kumeneko imapemphedwa ndi kalata yofotokoza kafukufuku. Pansi pa micron imodzi pali njira ya ma electron yotchedwa MicroED, imene gulu la Tamir Gonen linaonetsa mu 2013. Ma electron amagundana ndi maatomu mwamphamvu kwambiri kuposa X-ray, motero ufa ngati wanuwo umatha kuyezedwa momwemo, kungoti malo ochita zimenezi ndi ochepa. Molecule ya carbon, hydrogen ndi oxygen zokhazokha imabweza X-ray mofooka, choncho pemphani chubu cha kopa osati cha molybdenum, makamaka ngati mukufunanso kudziwa kuti molecule ndi ya kumanja kapena ya kumanzere.

Ntchito yeniyeni ndi kulera crystal. Yambani ndi kuyera kwa mankhwalawo, kuzifika maperesenti 95 kapena kuposa. Mu ombwe muli deguelin ndi tephrosin, amene amangosiyana ndi gulu limodzi la OH, ndipo akasakanikirana nthawi zambiri mumapeza mafuta omata pansi pa botolo kapena ma crystal osokonekera. Ngati TLC, mayeso oonera kuyera kwa mankhwala, ikuonetsa madontho awiri, bwererani ku column yopatulira mankhwala kaye.

Gawani 30 wanuyo m'timabotolo tinayi kapena tisanu, kalikonse mamiligalamu 5 mpaka 7. Sungunulani mu theka la mililita kapena mililita imodzi ya dichloromethane, ethyl acetate kapena acetone, kabotolo kalikonse chosungunulira chakechake, musefe ndi kathonje kotsekera m'pipette kuti fumbi lisalowe, popeza fumbi lililonse limayambitsa crystal yakeyake n'kupeza tambiri tating'ono m'malo mwa imodzi yaikulu. Ikani kabotolo kosatseka m'botolo lalikulupo lokhala ndi mamililita 3 mpaka 5 a hexane, mutseke lalikululo molimba. Nthunzi ya hexane imalowa pang'onopang'ono ndi kukankha mankhwala anu kuti atuluke m'madzi. Ikani pa shelefu yosagwedezeka, kutali ndi zenera ndi jenereta. Kutentha kwa Okutobala kuno kumafulumizitsa zonse n'kukupatsani ufa usiku umodzi, ndiye funani chipinda chozizirira. Dikirani masiku atatu mpaka masabata awiri, mukuyang'ana ndi tochi osanyamula botolo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa maikulosikopu yokhala ndi polariser, crystal yabwino imada yonse nthawi imodzi mukaizunguliza, kanayi pa kuzungulira kumodzi. Ikada mbali imodzi ina ikuwala, ndi mapasa omatirana.

Chimene ambiri amalakwitsa ndi kuumitsa. Ma crystal ambiri amasunga mamolecule a madzi amene anakuliramo, ndipo akauma amachita mbuu n'kung'ambika. Asiyeni m'madzi awo momwemo. A labotale amawavuula okha, kuwakuta ndi mafuta, n'kuwaziziritsa ndi nitrogen kufika madigiri 173 pansi pa ziro. Popeza otumiza katundu pa ndege ali ndi malamulo okhwima pa madzi oyaka, nthawi zina n'kosavuta kutumiza mamiligalamu 10 mpaka 20 a ufa wouma kuti akalerere crystal komweko. Gwirizanani nawo musanatumize.

Mlembi wa gulu la amayi oumba chitetezo mbaula, Likuni: "Mbaula zathu zikung'aluka pouma chisinthireni malo otapa dongo. Atilangiza kukayezetsa dongolo. Titumize lochuluka bwanji?"

Mayi, tumizani magalamu 300 mpaka 500, otapidwa m'malo angapo a pa mtapo, pa kuya kumene mumatapa masiku onse. Mutumizenso la ku mtapo wakale uja m'thumba lina, kuti pakhale pofananitsa. Liume pamthunzi. Osaliwamba pamoto, chifukwa moto umasintha zimene akufuna kukaona.

A labotale amatengapo magalamu 10 mpaka 20, kuvundula m'madzi oyera ndi mankhwala omasula tinjere, n'kusiya kuti zidikhe. Mchenga umagwa msanga. Pakatha maola pafupifupi anayi, m'masentimita asanu a pamwamba mumangotsala tinjere tosakwana ma micron awiri, ndilo dongo lenileni. Amayamwa madzi amenewo n'kuumitsa mamiligalamu 50 mpaka 100 pa kagalasi. Apa, mosiyana ndi zimene tauza achimwene a laimu, amafuna dala kuti mamba a dongo agone chafufumimba. Kagalasiko amakayeza katatu: kouma chabe, katamwa nthunzi ya ethylene glycol, ndi katawotchedwa pa madigiri 550. Mitundu ya dongo imasiyana motere. Kaolinite amaoneka pa 12.4 ndipo amasowa akawotchedwa. Illite amakhala pa 8.8 osasuntha. Smectite amayamba pafupi ndi 6, akamwa glycol amafufuma n'kusunthira ku 5.2, akawotchedwa amanyala kukafika pa malo a illite. Amene akuyeza kamodzi kokha sangasiyanitse smectite ndi anzake oyandikana naye, ndiye funsani ngati mtengo akutchulawo ndi wa maulendo atatu onse.

Smectite ndiye tikumuganizira. Amamwa madzi n'kufufuma, akauma amanyala kwambiri, monga mumaonera makande a m'dambo akung'ambika m'chilimwe. Dothi lofiira la katondo limakhala ndi kaolinite wambiri, amene sanyala motero. Ngati dongo lanu ndi lofiira kwambiri, auzeni a labotale, chifukwa chitsulo cha m'menemo chimadetsa gilafu pa chubu cha kopa ndipo cha cobalt ndicho chimachita bwino.

Podikira zotsatira, umbani timitanda totalika masentimita 12, mulembepo tizizindikiro tiwiri totalikirana masentimita 10 tikadali tonyowa, muumitse pamthunzi, muyezenso. Tikafupika kupitirira mamilimita 8, yesani kusakaniza mchenga wosefa kapena mapale osinja, gawo limodzi pa magawo asanu, kenako limodzi pa anayi, mpaka kung'aluka kuleke.

Mnyamata wa ku Nathenje: "Kodi makinawa angandiuze ngati m'mwala wanga muli golide?"

Ayi, achimwene. Makina wamba amayamba kuona chinthu chikafika peresenti imodzi kapena ziwiri. Peresenti imodzi ndi magalamu 10,000 pa tani, pamene mwala wa magalamu asanu pa tani umatengedwa kale kuti ndi wabwino. Golide amayezedwa ndi fire assay, imene imasungunula magalamu 30 kapena 50 otengedwa pa kilo imodzi kapena awiri operedwa bwino. Ngati mukungofuna kudziwa za tinthu tachikasu tonyezimira, timenyeni ndi hamala: golide amaphwathalala, pyrite, mwala wachikasu wonamiza ngati golide, amaphwanyika.

Mayi wogulitsa miyala yokongoletsera, Old Town: "Ndili ndi mwala wofiira wochokera ku Ntcheu. Adzauswa kuti auyeze?"

Musalole, mayi. Ruby wa ku Chimwadzulu ndi corundum, ndipo amazindikirika osamukanda n'komwe: kulemera kwake ndi pafupifupi kanayi kuposa madzi, ndipo pa refractometer, kachipangizo koyeza mmene mwala ukupindira kuwala, amawerenga 1.76 mpaka 1.77. XRD ndi ya mwala umene wakanika njira zimenezi, ndipo ngakhale pamenepo kanyenyeswa kosakwana theka la milimita, kochotsedwa pamalo obisika a mwala wosasema, n'kokwanira pa njira ya Gandolfi, imene imazunguliza kanjere kamodzi mbali zonse kuti kaoneke ngati ufa. Dziwaninso kuti ruby wopangidwa m'fakitale amatulutsa nsonga zofanana ndi wa m'nthaka, ndiye XRD sithetsa mkangano umenewo. Pamafunika woona m'kati mwa mwala ndi maikulosikopu.

Mphunzitsi wa physics pa sekondale, Area 25: "Ana andifunsa chifukwa chake ma neutron amafuna sampulo yaikulu kuposa X-ray."

Aphunzitsi, zifukwa ndi ziwiri. Ma neutron, tizidutswa ta m'kati mwa atomu timene timagwiritsidwanso ntchito poyeza m'malo mwa X-ray, amapyola m'zinthu osagundana kwambiri ndi maatomu, komanso ngakhale reactor yamphamvu imatulutsa ochepa poyerekeza ndi kuwala kwa X-ray. Motero ufa umafunika galamu imodzi mpaka magalamu angapo, m'kachitini ka vanadium, chitsulo chimene pafupifupi sichitulutsa nsonga zake pa ma neutron. Crystal imodzi imafunika ya milimita imodzi mbali iliyonse kapena kuposa, yomwe ndi yaikulu koposa ka 100 poyerekeza ndi ya 0.2 milimita ija. Anthu amapirirabe chifukwa ma neutron amaona bwino malo a hydrogen, amene X-ray imavutika nawo, ndipo amalowa masentimita m'kati mwa chitsulo kukayeza pomwe chakokeka pa malo owotcherera. Sampulo ikakhala ndi hydrogen wambiri amamusinthitsa ndi deuterium, mtundu wolemera wa hydrogen, kuti gilafu isade. Makina oterewa apafupi ndi ife ali pa reactor ya SAFARI-1 ku Pelindaba, pafupi ndi Pretoria, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 1965.